Singano ya Galamafoni ya Bambo Anga

Bambo anga anagwira ntchito yophika ku Halale zaka zambiri, ndipo pobwerera anabwera ndi galamafoni yoyendera mabatire. Ankaisunga m'bokosi lamatabwa pamodzi ndi mbale zake za nyimbo. Mbale iliyonse ankaipukuta ndi kansalu asanaiike, ndipo palibe mwana ankaloledwa kugwira.

Pamene anafa ziwalo mbali yakumanja, ine n'kuti nditayamba kuphunzitsa ku Bembeke. Mayi anali atamwalira kale, choncho ndinakawatenga kumudzi kuti ndizikhala nawo m'nyumba ya pasukulu. Pakamwa pawo panakhota, mawu osatulukanso. Tsiku lonse ankakhala pakhonde atafunda bulangete, maso ali pa munda wa kachewere wa kutsidya kwa msewu. Ndikaweruka ndinkawaikira mbale imodzi, iwo n'kumagogoda bondo ndi chala cha dzanja lamanzere. Apo pokha ndi pomwe ndinkadziwira kuti akumva.

Nyengo yozizira itafika, galamafoni inayamba kulira mosasa. Kenako singano inkangotsetsereka pamwamba pa mbale osagwira.

Loweruka lina ndinaikulunga m'chitenje n'kupita nayo ku boma la Dedza. Pokwerera basi anyamata a chipani anafuna kuona khadi langa, ndinawaonetsa, ndinakwera. Sitolo ya mmwenye yomwe bambo ankagulako masingano ndinaipeza yotseka, eni ake atasamutsidwira kumizinda ikuluikulu. Anthu anandilozera kuseri kwa msika, kwa bambo wina wachikulire yemwe ankakonza mawailesi pakhonde la telala.

Bamboyo anaitembenuza, anakhudza singano ndi chala, n'kutchera khutu.

"Si singano yokha, mayi," anatero. "Kamutu konse aka, momwe singano imalowamu, kafa."

"Kena kangapezeke?"

"Kenikeni ka mtundu umenewu mwina ku Blantyre. Kufika kwake ndi miyezi, ndipo mungasiyeko malipiro a mwezi wonse." Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Zakunja sizikubwera masiku ano. Koma musati mwamva kwa ine."

Kenako anatsegula chitini chakale cha mabisiketi, anafufuza, n'kutulutsa kamutu kena kofiira. Anati anakachotsa pa galamafoni ina yakufa, ndipo akakapala pang'ono kakwana. Mtengo wake ndikanautha tsiku lomwelo.

"Koma ndikuuziretu," anatero. "N'kolemera, ndipo singano yake ndi yokhakhala. Kamadya mbale. Nyimbo mudzamva, koma mbale iliyonse izitha pang'onopang'ono."

Ndinawafunsa kuti akanakhala iwo akanasankha chiyani. Anangofunsa kuti mwini galamafoniyo ali bwanji. Nditawauza, anatenga tupa n'kuyamba kupala kamutu kofiirako.

Ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Ndinaika mabatire atsopano, ndinasankha mbale yomwe bambo ankaikonda, ya magitala a ku Halale. Inalira bwino, mokweza kuposa kale. Chala cha bambo chinayamba kugogoda, ndipo ine ndinayamba kudziuza kuti ndasankha bwino.

Nyimbo itatha ndinanyamula mkono wa galamafoni. Kunsonga kwa singano kunali kafumbi kakuda. Ndinakauzira, koma bambo anali ataona kale. Anatambasula dzanja kuti ndiwapatse mbale ija. Anaipendeketsa poyang'ana kuwala, anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali, n'kuipukuta pa bulangete. Kenako analoza bokosi.

"Bambo, ndi kafumbi chabe," ndinatero. "Ndiike ina?"

Anapukusa mutu. Mawa lake ndinayesanso. Atangoona ndatenga mbale, anaika dzanja lawo pamwamba pa langa n'kulipanikiza ndi mphamvu zomwe sindinkadziwa kuti akadali nazo. Ndinabweza mbale m'bokosi. Kuyambira tsiku limenelo galamafoni sinalirenso m'nyumba mwathu.

Mwezi utatha ndinatuma mphunzitsi mnzanga yemwe ankapita ku Blantyre kuti akandifunire kamutu kenikeni. Ndinamulembera manambala ake papepala. Anazungulira masitolo angapo, ndipo anabwera ndi pepala lomwelo. Anamuuza kuti mtundu umenewo anasiya kupanga kalekale.

Kwa bambo ndinanena kuti taitanitsa, kafika posachedwa. Ankangogwedeza mutu. Basi ikaima pamsewu ankatembenuka kuyang'ana amene akutsika, kenako n'kundiyang'ana ine. Ndinkati mwina sabata yamawa. Ndinanena zimenezi mpaka mapichesi anachita maluwa, mpaka anthu anayamba kusosa m'minda. Sindidziwa ngati ankandikhulupirira. Penapake anasiya kutembenukira basi, inenso ndinasiya kutchula.

Anamwalira mvula isanagwe. Tinakawaika kumudzi Lachisanu, ndipo Lolemba ndinali m'kalasi, chifukwa ana anali pafupi kulemba mayeso.