Magolovesi a Nkhanu

Anzake a kuntchito, kumene amachapa ndi kusita nsalu za m'mahotela, ndiwo anamupatsa dzina lakuti Malawira. Ankati mayi ameneyu tsiku amaliyamba lisanabadwe, ndipo sankanama. Ena akamafika pageti akuyasamula, iye amakhala atapalasa kale njinga kudutsa tauni yonse, atasambitsa munthu, atamudyetsa, atasintha zofunda ndi kutsuka chibekete cha pansi pa bedi. Ntchito imeneyo inalibe dzina, inalibenso kapitawo. Munthu womusambitsayo anali bambo ake.

Bambowo anafa ziwalo mbali yakumanzere chaka chapitacho. Ankakhala okha m'kanyumba kawo kumunsi kwa chitunda, momwe mpando wa malemu akazi awo unali ukadali pawindo. Masana ankawasuzumira ndi mayi woyandikana nawo nyumba. M'mawa ndi madzulo zinali za Malawira.

M'miyezi yotentha zonse zinkayenda. Chisanu chitalowa, mtsetse wotsikira kwa bambo unasanduka mdani. Mphepo inkamenya manja pahandulo, ndipo pofika pakhomo zala zinkakhala zitauma gwa ngati mapegi oyanikira zovala. Kiyi ankagwa pansi asanalowe m'loko. Akaziviika m'madzi ofunda zinkabaya ngati singano, ndiye nthawi yodikira kuti zitsitsimuke panalibe, poti belu la kuntchito silidziwa kuti munthu ali ndi bambo. Akangokhudza msana wa nkhalambayo, iwo ankakuwa, kuumitsa thupi lonse, basi tsikulo latha. Kusamba ayi, kutembenuzidwa ayi, mafuta ayi. Posakhalitsa pamsana panayamba kufiira, chiyambi cha zilonda za pabedi.

Mchimwene wake wamkulu ankabwera Lamlungu ndi malalanje, n'kukhala pampando kuwauza bambo za mpira. Sanali munthu woipa, kungoti beseni sankadziwa pomwe limakhala. Tsiku lina anaona kufiira kuja ndipo nkhope inasintha.

"Achemwali, musadzizunze," anatero. "Ndapeza malo kunyumba yosungira okalamba. Kuli anamwino, zipinda zake n'zofunda. Ndibwera Loweruka m'mawa. Msana ukakhala momwemu, tiwanyamula."

Bambo anayang'ana mpando wa pawindo uja. Lilime linali lolemera, koma mawu anamveka.

"Ine muno ndidzatuluka chogona."

Malawira anangoyang'ana manja ake.

Sikuti anali asanayesepo. Anayamba ndi masokosi, koma dzanja linkaterereka pabuleki. Mayi woyandikana uja anamulukira magolovesi a ulusi, okongola zedi, koma mphepo inkadutsamo ngati madzi m'sefa. Mchimwene wake anamugulira ena onenepa ngati mapilo, ndipo tsiku loyamba lomwelo zala sizinamve pomwe pali buleki. Anakathera mumpanda wa maluwa wa anthu ena, njinga pamwamba iye pansi, galu wa pakhomopo akumuuwa ngati wakuba.

Lolemba ataweruka anakhotera kwa makaniko wa njinga wa pakona, amene aliyense ankamutcha Asipoko. Mushopu yakeyo munali fungo la girisi ndi labala, matayala ali lende kudenga, mbaula ikuyaka pakona. Atamva za msana wa bambo ake, Asipoko anatulutsa katoni ya magolovesi n'kuikhuthulira patebulo.

Malawira anasankha achikopa, akuda, ogwira dzanja ndendende. Moyo wake wonse ankakhulupirira kuti chovala chabwino ndi chokukwana osatsala.

"Awa ndiye anga," anatero.

"Anu a kutchalitchi kapena a panjinga?" anafunsa Asipoko. "Othina chonchi magazi adutsa pati, mayi? Pazikhala kampata. Kampweya kotsala m'katimo ndiye bulangete lanu. Tayesani awa."

Anatulutsa ena oseketsa. Chala chachikulu chinali ndi thumba lake, koma zina zinayi zinkalowa ziwiriziwiri.

"Asipoko, ndakulakwirani chiyani kuti mundisandutse nkhanu?"

"Zala zili ngati ana, mayi. Zikagona ziwiri pamphasa imodzi zimafunditsana."

Malawira anawatembenuza kunja kukhala m'kati, monga amachitira ndi chovala chilichonse chisanalowe m'madzi. Anaona msoko, anakoka nsalu ya m'kati kuti adziwe ngati ingaume usiku umodzi. Anawavala. Ankafika mpaka pamkono, kuphimba pomwe jekete imathera. Anali ofunda, komanso achikopa aja anali ofunda.

"Muno muli mbaula," anatero. "Muno ngakhale nyuzipepala ingafunde. Ndibwerekeni onse awiri ndikawafunse kuchitunda."

Anavala lachikopa kumanzere, lankhanu kumanja, n'kutuluka. Dzuwa linali litapendeka ndipo mphepo inali itayamba ukali. Anakwera chitunda, anatsika akuyesa buleki, anakweranso, anatsikanso. Zala ziwiri zinkagwira buleki bwinobwino, ziwiri zitsalira pahandulo. Atabwerera anaimika njinga, n'kuvula magolovesi ndi mano.

"Tatembenukani, Asipoko."

"Kuti zitani?"

"Ndibwerekeni msana."

Asanamvetse, dzanja lamanzere linali litalowa kale kukhosi kwa ovolosi.

"Mayo ine! Mayi, limeneli mwalitenga kumanda?"

Malawira anachotsa, n'kulowetsa lamanja. Asipoko anakhala duu, mapewa n'kutsika pang'onopang'ono.

"Aaa, limeneli musafulumire kuchotsa."

"Abambo!" anakuwa akazi a Asipoko kuchokera kuseri kwa katani. "Makasitomala mwayamba kuwalandira chonchi?"

Malawira anaseka mpaka misozi, ndipo anadabwa kumva kuseka kwake, poti anali atakuiwala. Anapita kwawo ndi manja a nkhanu.

M'mawa mwake kiyi analowa m'loko kamodzi n'kamodzi. Anavula magolovesi, anapinda malaya a bambo, n'kuika chikhatho pamsana. Bambo anali atatsinzina kale, mano ataluma, kudikira chisanu. Chisanu sichinabwere. Anatsegula diso limodzi.

"Ndiwe yemwe uja?"

"Ndine ndemwe, ababa. Tiyeni titembenuke."

Anatembenuka. Anasamba, analola mafuta, anamwa tiyi yense. Mawa lakenso chimodzimodzi. Kuntchito anzake ankamunyodola kuti a Malawira atuluka m'madzi, iye n'kumawatsina ndi zikhadabo zakezo. Madzulo ankayanika magolovesiwo pafupi ndi chitofu, monga munthu amasamalira chida chomwe chamupulumutsa.

Loweruka kunacha kozizira kuposa masiku onse. Udzu unali utayera mbuu, ndipo madzi a m'ngalande anali ataundana pamwamba. Pofika kumunsi kwa chitunda anapeza galimoto ya mchimwene wake itaima kale, sutikesi yopanda kanthu ili pampando wakumbuyo. Mwiniwake anali pakhonde akupondaponda, akuuzira m'manja.

"Aja ndinakugulirani ali kuti?" anafunsa.

"Kafunseni galu wa kumtunda uko."

Analowa. Malawira anateleka madzi, anafundukula bulangete, n'kupinda malaya a bambo. Msana unali utabwerera mwakale. Kufiira kuja kunatsala kadontho kochepa ngati chikhadabo, nakonso kakuzilala. Mchimwene anawerama, anayang'anitsitsa, kenako anatambasula dzanja kuti akhudze.

"Chotsa!" anakuwa bambo, mawu ali mbee ngati sanadwalepo. "Ukufuna kundipha ndisanafike n'komwe kwa anamwino akowo?"

Malawira anaika manja ake pomwepo n'kuyamba kusisita. Thupi la nkhalamba linafewa.

"Waona," anatero bambo. "Awa ndi manja a amako."

Mchimwene anakhala chilili. Anaona mlongo wake akuwadzutsa bambo powakoleka paphewa, akuwapukuta pakati pa zala zakuphazi, akukoka nsalu yonyowa pansi pawo osawatsitsa pabedi, akumanga mabatani a malaya kuyambira mbali yakufa. Zonsezi iye anali asanazionepo, poti Lamlungu ankapeza zitatha.

"Zimenezi ndi tsiku lililonse?" anafunsa motsitsa.

"Kawiri."

Anatuluka panja. Malawira anamva chitseko cha galimoto chikutseguka. Koma polowanso sanabwere ndi sutikesi. Anali atasiya jekete, akupinda mikono ya shati.

"Malo aja apatse ena," anatero. "Loweruka ndi Lamlungu muzigona, achemwali, ndizibwera ine. Beseni limakhala pati?"

"Kuseri kwa chitseko. Koma muyambe mwakhalira manjawo kuti afunde."

Bambo anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, maso ali pampando wa pawindo.

Malawira anavala zikhadabo zake, anazikoka mpaka kuphimba mikono ya jekete, n'kutulutsa njinga. Chitunda chija nthawi zonse ankachimaliza wapansi, akukankha. Tsikulo anachikwera osatsika. Pamwamba anakumana ndi Asipoko akupita kukatsegula shopu, ndipo anawaimbira belu.

"Nkhanu yadutsa!" anakuwa Asipoko. "Nanga msana wa madala?"

Malawira anakweza dzanja limodzi m'mwamba, zikhadabo zili yasa, n'kupitiriza kupalasa.