Nsalu ya Patebulo la Mapemphero

Nsalu ija inali yoyera, ya maluwa oluka m'mphepete, ndipo inkanunkhira sopo wa amayi. Lachisanu lililonse tinkaiyala patebulo m'chipinda chapansi cha nyumba ya malume ku South Bend, kumene Amalawi tinkasonkhana kupemphera. Kunja chipale chofewa chinkagwa phee ngati ufa wosefa, ndipo pakawindo kam'mwamba ndinkangoona nsapato za anthu akubwera.

Gulu lathu linalibe abusa. Anamwino, ophunzira ndi osamalira nkhalamba aja anachokera m'mipingo yosiyanasiyana kwathu, ndiye anapangana kuti otsogolera azikhala awiri, chaka chikatha azisiyira ena. Aliyense ankagawa Mawu pa sabata yake, ngakhale mayi wina wachibwibwi amene tinkamudikira mpaka afike pa Ameni.

Nyengo ina yozizira aphunzitsi akusukulu anatiuza za Aroma akale, momwe anathamangitsira mfumu yawo n'kulumbira kuti sadzakhalanso nayo, n'kumasankha anthu awiri olamulira chaka chimodzi chokha. Ine ndinkayesa kuti Aromawo anaonera ife. Ndikatsinzina popemphera ndinkawaona akuluakulu awo atakhala pamipando yathu yopinda, pafupi ndi makina ochapira, mikanjo ili mbuu.

Kenako m'bale wina anachita ngozi pamsewu woterera, n'kugonekedwa m'chipatala ku Indianapolis. Chinali chaka choti atsogolere malume ndi bambo wina, koma bamboyo mashifiti anam'panikiza. Malume ndiwo anasenza zonse: kunyamula anthu okazonda, kulankhula ndi madokotala, kutonthoza achibale akumudzi pafoni. Sindingawanamizire pamaso pa Mulungu, anatumikira ndi mtima wonse. M'baleyo anachira.

Tsiku losankha litafika, wina anangoti, "Tivoterenji? Ambuye atisonyeza kale munthu." Anthu anaomba m'manja. Malume anayamba akana, akuseka mwamanyazi, kenako analola kutsogolera okha.

Amayi okha ndiwo anaimirira. "Achimwene, ndimakukondani, koma si mmene tinapanganira. Aisraeli nawonso popempha mfumu kwa Samueli anali ndi zifukwa zomveka."



"Chemwali, takhala pansi, ntchito ya usiku yakutopetsa," anatero malume. Anthu anaseka, wina n'kuyambitsa nyimbo.

Posakhalitsa tinali ndi sewero la Aroma kusukulu, ndipo ndinafunika mkanjo. Amayi anakatenga nsalu ija, poti inali yawo, n'kundikulunga nayo, phini ili kukamwa. Ndinali mmodzi wa obaya Kaisara, amene ankafuna kulamulira Aroma yekha, ndi mpeni wa katoni. Malume anakhala kutsogolo, ndipo anaomba m'manja kuposa makolo onse. "Mphwanga, wam'baya bwino wankhanza uja!" Ndinawayankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, nditanyada. Pomaliza aphunzitsi anati imfa ya Kaisara sinabweze kalikonse, chifukwa anthu anali atazolowera kale kutsamira munthu mmodzi. Zimenezo ndazikumbukira ndili wamkulu. Tsikulo ndinali kulimbana ndi phini yomwe inkandilasa paphewa.

Nsaluyo sinatsikirenso m'chipinda chija. Pamalo pa tebulo panabwera guwa lamatabwa lonyezimira, ndipo mayi wachibwibwi uja sanapatsidwenso sabata yake. Chipale chitasungunuka tinasamukira ku Indianapolis, amayi ndi malume n'kumangopatsana moni wa Khirisimasi. Mpaka lero ndimawatchula onse awiri m'pemphero limodzi, ndikuyembekeza Iye amene amagwetsa makoma.

Pa basi ya mu Lafayette Road ndinkawafunsa amayi kuti tidzapita liti kukapemphera kwa malume. Ankangoyang'ana pawindo. Ine ndinkadziwa kuti dziko likamagwa pamakhala mipeni ndi kukuwa, monga m'sewero lathu. Kwa malume kunali nyimbo, kuthokoza, ndi munthu wabwino. Choncho sindinkamvetsa chimene amayi ankalirira popinda nsalu ija, nsalu yoyera bwinobwino, yopanda ndi dontho lomwe la magazi.