Mafuta a Ng'ombe Yanga Ali mu Ndowa

Ng'ombe ija sindinaigule. Ndinapatsidwa ili kathole tsiku limene ndinasiya ntchito yokama pa famu ina kumadzulo kwa Lusaka, kumene manja angawa anakalambira. Ndinabwera nayo kuno kumapeto kwa Kanyama, kumene nyumba zimathera n'kuyamba maploti, anthu n'kumaseka. Ati ng'ombe mu komboni? Ndinawasiya aseke. Itayamba kutulutsa mkaka, oseka omwe aja ndiwo ankandidzutsa m'mawa ndi mabotolo.

Pepala sindiwerenga ine, koma mkaka ndimauwerenga. Ndimathira m'botolo loyera, n'kuika pamthunzi. Pofika masana mafuta amakhala atakwera pamwamba, ndiye ndimayeza ndi chala. Akafika pamfundo yoyamba ya chala, ng'ombe ili bwino. Akachepa, ilipo kanthu yadya kapena kanthu yamanidwa.

Chaka chimene inabereka kachitatu, mwana wanga wamkazi anali atasamukira pa ploti yanga ndi amuna ake, chifukwa nyumba yawo ya lendi inalowa madzi a mvula mpaka m'mawindo. Apongozi angawo ndi Abemba a ku Kopala, dera la migodi, amagulitsa nsalu ku msika wa Kamwala. Ine amanditchula bamayo, ndiko kuti amayi m'chinenero chawo. Munthu waulemu, sindinama. Mwambo wakwathu anaugwira kuposa ana akwathu: mpongozi sumuyang'ana m'maso, sudya naye, mukakumana panjira wina amapatuka. Mawu athu onse ankadutsa mwa mwana wanga, ngakhale titakhala pabwalo limodzi.

Itangobereka, ng'ombe inayamba kuonda. Nthiti zinatuluka zoti mutha kuziwerenga muli kumsewu, mafupa a m'chiuno ali njo. Ine mtima unali m'malo, chifukwa mu ndowa munkagwa mkaka wolemera, wachikasu, woti ukauwiritsa umasiya chikopa pamwamba. Ng'ombe yokama imatero. Dokotala wa ziweto wina, mayi, amene ankabwera pa famu paja, anandiuza tsiku lina ndili pansi pa ng'ombe kuti mafuta a mumkaka amachokera kuwiri. Ena bere limapanga lokha kuchokera ku udzu umene ng'ombe yabzikula. Ena amabwera okonzeka kale m'magazi, ochokera m'zakudya ndi pamsana pake penipeni. Ikabereka imasungunula msana wake, magazi n'kunyamula, bere n'kulanda. Ndinamuyankha kuti zimenezo ndinazidziwira pathupi langa, poyamwitsa ana asanu. Anaseka mpaka kugwetsa jakisoni.

Koma apongozi anga ng'ombe anaiphunzirira pa butchala. Kwa iwo ng'ombe yabwino ndi yonenepa.

Tsiku lina m'mawa anaima pakhomo, nkhope ataloza ku mpanda, n'kuuza mkazi wawo: "Uza bamayo kuti ng'ombe yao idwala. Bantu mu komboni bakamba ati tiimana vakudya."

Ine ndinali pompo, ndikutsuka ndowa. Ndinati, "Uwauze apongozi kuti anthu a mu komboni abwere adzayang'ane mu ndowa."

Mwana wanga anapukusa mutu. "Amama, amva. Ali apa."

"Uwauzebe."

Iwo manyazi anawagwira, poti anzawo ankati mkamwini wa mtundu wanji amene ng'ombe ya apongozi ikufera m'maso mwake. Ndiye anachita chifundo chawo mobisa. Ankabwera ndi matumba a gaga kuchokera ku chigayo, ndikangopita kukamweta udzu m'mbali mwa ngalande, iwo n'kuthira beseni lodzaza. Ng'ombe ikaona gaga ili ngati mwana akaona switi. Inkadya mpaka kukana udzu wanga.

Ndinayamba kuona zachilendo. Masana ng'ombe sinkagonanso pansi n'kumabzikula. Ndowe zinali zamadzi, zonunkha chowawasa. M'botolo muja mafuta anatsika mpaka kutsala kamzere ngati ulusi.

Mayi wina wogulitsa mabisi pamsika, mkaka wowawasa uja, amene wakhala akutenga kwa ine zaka zambiri, anakweza botolo kudzuwa pamaso pa anthu, n'kunditchula bambuya, ndiko kuti agogo. "Bambuya, mwayamba kufakamo manzi? Pa ukalamba wanu?"

Chiyambire sindinathirepo dontho la madzi mumkaka. Ndinamulanda botolo, ndinabwerera kunyumba, n'kulowa m'khola ndi maso atsopano. Kuseri kwa malata ndinapeza matumba atatu a gaga opanda kanthu.

Ndisanapeze mpata wouza mwana wanga, Loweruka m'mawa kagalimoto kanaima pageti. Anatsika apongozi ndi bambo wina wa butchala, chingwe chili m'manja. Maganizo awo anali akuti ng'ombe yatha: yaonda, mkaka wasanduka madzi, bola igulitsidwe isanafe yokha, andigulire nkhuku zoikira mazira.

Ndinatenga kampando kanga kokamira n'kukhala pakhomo la khola.

Wa butchala uja anandipatsa moni bwinobwino, kenako anasuzumira. "Bambuya, iyi ni mafupa chabe. Nikuthandizani chabe ine."

"Thandizani amayi anu," ndinatero. "Iyi ili ndi mwini."

Apongozi anayang'ana ku mpanda monga mwa masiku onse. "Uza bamayo kuti..."

Pamenepo ndinachita chimene sindinachitepo kuyambira tsiku la ukwati wawo. Ndinawayang'ana m'maso.

"Apongozi, lero mundiuze nokha. Ndipo bwerani kuno."

Mwana wanga anagwira pakamwa. Iwo anatuwa, nsapato zawo za ku Kamwala zikuzengereza pa ndowe, koma analowa. Ndinawauza agwade pambali pa ng'ombe, aike dzanja pansi pa mimba pamene pamadutsa mtsempha waukulu, wokhotakhota, wonenepa ngati chala cha mwamuna.

"Mwaumva?"

"Naumva, bamayo."

"Amenewo ndi magazi, ndipo bere ili amalizungulira usana wonse. Mafuta amene mukuwafuna pamsanapa sanatayike. Atsika ndi magazi, alowa m'bere, ana a mu komboni amwa mu tiyi. Inu mwabwera ndi gaga wanu, mwaiwawasitsa m'mimba, yasiya kubzikula, bere lasiya kupanga gawo lake. Ine n'kutchedwa wothira madzi."

Anakhala chogwada, dzanja lili pamimba pa ng'ombe. Ng'ombe inatembenuka n'kuwanyambita phewa la shati.

Wa butchala anati, "Manje tichita bwanji? Nili na vochita ine."

"Kachiteni," ndinatero. "Ng'ombe iyi ikatuluka pano, mumange ine kutsogolo."

Anapinda chingwe chake akung'ung'udza za mafuta a galimoto, n'kupita.

Kuyambira tsiku limenelo gaga ndinkapereka ndekha, wa m'mbale imodzi pokama. Udzu ndinachulukitsa, wouma ndi wauwisi, ndi mapesi a chimanga amene ndinapempha ku maploti. Ndinawonjezera pang'ono zotsalira za mpendadzuwa zimene amataya oyenga mafuta, kuti magazi apeze chonyamula osadya msana wokha. Masiku oyamba botolo silinasinthe, ndipo mwana wanga ankandiyang'ana ngati wakufa ndine. Kenako masana ena ndinaipeza yagona pamthunzi, nsagwada zikuyenda pang'onopang'ono. Sabata yachiwiri isanathe, mafuta anafika pamfundo ya chala.

Botolo limenelo ndinapita nalo kumsika ndekha. Ndinaliika pa tebulo la mayi wa mabisi uja, pamaso pa anthu omwe aja, n'kumuuza alikweze kudzuwa monga anachitira poyamba. Analikweza. Anati, "Bambuya, ninali kuseka chabe." Ndinati ine sindinaseke.

Apongozi anabwerera ku mpanda wawo, ine ku ndowa yanga. Sitinayang'anenso m'maso. Koma Lamlungu lina, pobwera ku tchalitchi, ndinawaona atavula jekete, akukoka thumba la udzu kuchokera ku ngalande. Analitula pakhola n'kuuza mkazi wawo: "Funsa bamayo ngati uyu ni wamene ifuna."

Ndinaugwira, ndinaununkhiza. "Uwauze apongozi kuti wachepa."

Ng'ombeyo ilipo mpaka lero. Ikabereka imaondabe, nthiti poyera, ndipo odutsa pamsewu amaimabe n'kupukusa mitu. Ndimawauza kuti abwere ndi botolo.