Chitsekerero cha Thanki ndi Kuchotsedwa kwa a Namakhwa

A Sankhani Namakhwa anabadwira ku Phalombe mu 1979, ndipo anafika ku Simlemba mu Ogasiti 2011 pa lole ya matenanti, pamodzi ndi akazi awo, a Fainess, ndi ana atatu. Zaka zisanu analima fodya pa esiteti ina kumeneko osayambana ndi munthu. Poona luso la manja awo, mu 2016 anawapatsa ntchito yoyang'anira injini yopopa madzi othirira nazale.

Lachiwiri, pa 13 Sepitembala chaka chimenecho, akuthira petulo m'mphepete mwa dambo, chitsekerero cha thanki chinawapulumuka n'kumira m'thope. Anafufuza mpaka dzuwa kupendeka, osachipeza. Anatseka ndi chitsononkho, monga amachitira ambiri. Koma injini ponjenjemera, chitsononkho chija chinanyenyekera m'mafuta, ndipo injiniyo inazima.

M'mawa mwake kapitawo wa pa esitetipo, a Grey, anapeza mbande zitafota. Sanafunse kawiri. Anatola chiduswa cha paipi nawakwapula nacho a Namakhwa kumsana kasanu ndi kawiri, kenaka nawaponda pakamwa ndi jombo, mano awiri n'kugwera m'bedi la mbande.

"Mwandipha, bwana!" analira a Namakhwa.

"Wakufa salankhula. Pofika Lachisanu ndipeze chitsekerero pamenepa. Apo ayi, ubwerera ku Phalombe wapansi, iwe ndi tiana tako."

Kuchotsedwa mu Sepitembala inali njala yosachita kufunsa: kwawo analibe munda, ndipo chimanga chimene anawo ankadya chinali cha pa esiteti.

Lachinayi a Namakhwa anamasula thanki, naitsuka, napita nayo ku Boma milomo ili yotupa. Analowa m'masitolo anayi. Zitsekerero zinalipo, koma mazinga ake sankagwirana ndi a pakamwa pa thankiyo. Chilichonse chinkangozungulira osaluma.

"Achimwene, chitsekerero cha injini zimenezi chimabwera ndi thanki yake," anatero wogulitsa wina. "Nanga pakamwapo, yakulumani ndi injini yomweyo?"

Lachisanu m'mawa a Fainess anabwera ndi chitsekerero cha chigubu cha mankhwala a fodya, chimene anachitola kudzala. Chinali chothina pang'ono. A Namakhwa anachiviika m'mafuta ophikira owira mpaka chinafewa, ndipo atachigwira ndi chisanza anachipotokolera pa thanki chikadali chamoto. Pozizira, chinali chitatenga mazinga onse a thankiyo. Anachiboola ndi singano kuti thanki izipuma. Dzuwa lisanafike paliwombo, madzi anali akuyenda m'mabedi.

A Grey anabwera masana. Injini yolirayo sanaisamale. Maso awo anali pa chitsekerero chofiira.

"Ichi ndi cha chigubu cha m'sitolo ya mwini esiteti. Unayamba ndi kutaya, lero wafika pa kuba?"

"Ndatola ine kudzala, bambo," anatero a Fainess, ataima pakati pa amuna awiriwo. "Kodi zotaya nazonso zili ndi mwini?"

Paipi ya kapitawo inawapeza a Fainess pakhutu la kumanzere, ndipo magazi anatsikira m'khosi. A Namakhwa anali ndi sipanala m'manja. Anamenya kamodzi pamkono wa kapitawo, fupa n'kulira ngati nkhuni youma. Kachiwiri anamenya pabondo. Kachitatu kanali ka pamutu, koma matenanti anzawo anayi anawagwira nawagwetsera m'ngalande.

Dzuwa lisanalowe, alonda a pa esiteti anaponya mphasa ndi mapoto a banjalo kumsewu, nayatsa nyumba yawo yaudzu ana akuona. A Namakhwa anakhala m'ndende miyezi isanu ndi inayi. M'miyezi imeneyo a Fainess, amene khutu lawo lija silinamvenso, ankadyetsa ana ndi ganyu wosoka fodya kwa Njombwa, ndipo mwana wamng'ono, Lusiya, anamwalira mu Febuluwale 2017.

Chiyambire Julayi 2017 banjali likukhalabe kwa Njombwa. A Namakhwa amakonza majenereta ndi injini zopopa madzi pakhonde, ndipo anthu amachokera kutali ndi mathanki opanda zitsekerero. Koma injini ikakhala ya pa esiteti, amaibweza osaikhudza.