Sipika ya Eneya

Kwa zaka khumi ndi ziwiri, Eneya Mbewe ankaonetsa mafilimu m'chisakasa cha malata pa boda ya Mchinji. Madalaivala a mathiraki ankamukonda chifukwa ankamasulira yekha pa maikolofoni, aliyense wa m'filimumo n'kumayankhula Chichewa.

Tsiku lina masana anaika filimu yakale ya mayi wogwidwa ndi chiwanda. Eneya ankayankhula ngati chiwandacho, mawu onenepa, okhakhala, anthu akufa nazo kuseka. Mwadzidzidzi magetsi anazima, sikirini n'kuda bii. Koma sipika inapitiriza kuyankhula, ndi mawu omwe aja: "Eneya, wasiyiranji? Ine sindinamalize."

Pakamwa pa Eneya panali potseka.

Masiku ano amagulitsa mtedza pamsika wa ku Chiosya. Munthu akangotsegula wailesi pafupi naye, amanyamula lichero lake n'kusamuka, osacheuka.