Apongozi Anga ndi Kanema wa Batire

Chaka chimene ndinagula kanema ndi chaka chimene banja langa linatsala pang'ono kutha. Nthawi imeneyo ndinkayendetsa thirakitala pa esiteti ya tiyi, tikukhala m'nyumba ya kampani, ine, mkazi wanga ndi ana. Kwathu kuno mwamuna amamanga nyumba kumudzi kwa mkazi, ndipo ine ndinali nditalonjeza kwa zaka zambiri kuti ndikamanga ku Muloza, kwawo kwa mayi a ana. Bonasi itatuluka ndinapita kukagula malata, n'kubwerako ndi kanema wakale, deki yake yoikamo matepi ndi batire la galimoto. Musandiyang'ane choncho. Malata simungawaonere filimu.

Mbiri inafika ku Muloza msangamsanga. Tsiku lina ndikuweruka ndinapeza apongozi anga aakazi atsika pa kabaza, akulankhula ndi mwana wawo pakhonde, mawu atakweza dala kuti ine ndimve.

"Ndabwera kudzakutenga iwe ndi ana. Mwamuna wakoyo azigona m'kanema mwakemo."

Ndinachita mantha, ndisaname. Mkazi wanga ndinkamukonda, ndipo amayi amenewa sankanena chinthu kawiri. Anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ana ali kumbuyo ndi kumanja, ndipo munthu wotero sumuopseza ndi thirakitala. Mkazi wanga anawapempha kuti apume kaye masiku angapo, iwo n'kuvomera.

Tsono vuto linali ili. Mwa mwambo wathu mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso, salankhulana, sakhala pamphasa imodzi. Mukakumana panjira, wina amapatukira m'tiyi. Ndiye mlandu wanga ndikanaunena bwanji? Ndikatuma mkazi wanga mawu ambirimbiri okoma, iye ankakafikitsa awiri okha: "Akuti amanga."

Nzeru anabweretsa ndi mkazi wanga yemweyo. Anamanga chingwe pakati pa balaza n'kupachikapo chitenje, kanema n'kumuika kumapeto kwake. Apongozi mbali iyo, ine mbali ino, tonse tikuona kanema koma osaonana. Iwo anati sangaonere chinthu chimene chinadya malata. Anakhala pansi pofuna kungochiona nkhope, ati.

Ndinayamba ndi filimu ya karate, chifukwa kwa ine palibe yoposa imeneyo. Sifuna Chingerezi. Munthu amuphera mphunzitsi, iye apita kuphiri kukamenya mitengo, abwera, amenya aliyense, basi yatha. Apongozi anaonera chete mpaka pamene mnyamata uja anazingidwa ndi gulu.

"Mentira!" anakuwa choncho, ndiko kunena kuti bodza. "Inu anyamata ambirinu, mukudikirana chiyani? Muli pa chigayo? Mugwireni miyendo nonse pamodzi!"

Mtima unandipweteka, koma ndikanayankha bwanji? Ndinangotsokomola.

Tsiku lotsatira ndinaika ya azibambo onenepa aja, ogwetsana atavala timakabudula tam'kati. Iwo anafunsa kanemayo ngati anthu amenewa ali ndi akazi kwawo, ndipo ngati alipo, amapita bwanji kumsika. Ya nkhondo ndinalakwitsa kuika. Anangoti, "Wothawa nkhondo sapesa tsitsi chotere, ndipo sathawa wopanda poto." Atatero anatuluka kukakhala pakhonde. Ndinachita manyazi kwambiri, tepi imeneyo ndinabweza tsiku lomwelo.

Koma ndinazindikira chinthu. Apongozi sankalankhula ndi ine, ankalankhula ndi anthu a m'kanema. Mwambo suletsa zimenezo. Nanga ine ndani anandiletsa?

Lamulungu litafika, mkazi wanga anatenga ana kupita kumsika ku Chinakanaka. Ine ndinali nditabwereka filimu ya ku Nigeria. Mafilimu amenewo sindiwakonda n'komwe. Munthu amayamba kulira mukamathira madzi pamoto, tiyi mumwa, makapu mutsuka, iye akulirabe. Koma mnzanga wa ku fakitale anandiuza kuti amayi amawakonda, ine osafunsa kuti nkhani yake ndi yotani.

Mayo ine! Inali nkhani ya mayi wankhanza amene ankafuna kuthamangitsa mwamuna wa mwana wake. Aliyense woonera amayenera kudana naye mayi ameneyo. Amadana naye ndithu, mpaka nyimbo imasintha iye akalowa. Apongozi anga anamukonda nthawi yomweyo.

"Eya, amayi, muuzeni!" anatero kuseri kwa chitenje. "Mkamwini ameneyu ali ndi nsapato zowala, koma nyumba ili kuti?"

Mnyamata wa mufilimuyo anali ndi nyumba yosanja, ya geti ndi mlonda. Ndinadziwa kuti nsapato zikunenedwazi ndi zanga. Ndinayang'ana kanema.

"Iwe mnyamata wa mufilimu," ndinatero, "bwanji osawauza amayiwo mwaulemu kuti njerwa uumba mvula ikatha?"

Kuseri kuja apongozi anayankha.

"Amayi a mufilimu, mufunseni kuti mvula yake iti. Chifukwa yatha kambirimbiri chikwatirireni."

"Mnyamata iwe, uwauze kuti ana sanagonepo ndi njala."

"Amayi, mumuuze kuti nyumba ya kampani ndi ya kampani. Tsiku limene thirakitala idzamukane, mwana wanga adzagona m'mizere ya tiyi?"

Chimene ananenacho chinali choona, ndipo chinandilasa. Anthu a mufilimu ankangokalipirana zawozawo m'Chingerezi, osadziwa kuti asanduka ankhoswe.

Ndili m'kati mofunafuna yankho, filimu inatembenuka. Mnyamata ndi mkazi wake analowa kuchipinda. Nyimbo inafewa. Mnyamata anayamba kumasula mabatani a malaya, nkhope zikuyandikana. Abale inu! Ine pano, apongozi apo, pakati chitenje chokha! Rimoti tinalibe. Kuti ndikafike pa deki ndinayenera kudutsa kutsogolo kwawo. Ndinadzigwetsa pansi n'kukwawa chafufumimba pansi pa tebulo, nkhope nditalozetsa kukhoma, n'kukoka waya wa batire. Moto unati thethe, chala chinapsa, mutu ndinagunda tebulo, kanema n'kuti bii.

Ndinakhala pansi pa tebulopo ndikuyamwa chala. Kenaka ndinamva kaphokoso ngati munthu akutsamwa. Apongozi ankaseka, chitenje chawo atatseka nacho pakamwa.

"Inu a kanema," anatero atapezako mpweya, "ndabereka ana ine, palibe chachilendo mukanandionetsa. Koma mkamwini wamanyazi chotere sanadzilere yekha. Ali ndi kwawo."

Ndinatsala pang'ono kulira pansi pa tebulo pomwepo. Chikwatirireni, amenewa anali mawu oyamba abwino ochokera kwa iwo, ndipo anauza galasi lozima.

"Komanso," anawonjezera, "ndikufuna kudziwa ngati mayi uja apambane. Wina alumikize waya."

M'mawa mwake kabaza anafika. Ine ndinaima kuseri kwa nyumba monga mwa ulemu, makutu ali tcheru. Ndinamva apongozi akuuza mwana wawo kuti iye ndi ana atsale. Ndinapuma. Kenako ndinamva akuitana kabaza wachiwiri. Nditasuzumira ndinaona kanema wanga atakulungidwa m'bulangeti, akumangidwa pa keriyala ndi malamba a tayala, deki pamwamba, batire m'dengu.

"Uyu ndiye akutsogola ku Muloza," anatero apongozi mokweza, akuyang'ana kuphiri. "Womufuna adzamange pomuika. Matepi azibweretsa Lamulungu, koma za karate ayi."

Ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha, koma ukalipira bwanji munthu amene suloledwa kumuyang'ana? Njerwa ndinaumba chilimwe chomwecho, ndipo mvula yoyamba inapeza malata ali pamwamba. Tsiku lolowa m'nyumbamo ndinkayenda modzitama, kudikira kuti mkazi wanga andiyamikire. Iye anayendera zipinda zonse, anagwira khoma, n'kundiyang'ana.

"Yakongola, bambo a ana," anatero. "Ine ndinaidikira zaka zonse zija. Kanema wanu sanadikire n'chaka chomwe."