Nsapato Zofiira Patebulo

Fungo la nsapato zatsopano limandidumphitsa mtima mpaka lero. Zinayamba ndi kapu. Madamu anaigwetsa, tiyi n'kumwazika pansi, maso awo ali patebulo pomwe ndinali nditaikapo nsapato zanga.

Ndinali sitandade 4. Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja la ku Britain ku Al Messila, m'dziko lina la Aluya, ndipo chaka chimenecho madamuwo anandilipirira ndege kuchokera kwathu ku Machinga, ndikakhale ndi amayi nyengo yozizira. Nsapatozo anandigulira ndi iwo omwe, zofiira, zoyamba m'moyo wanga zosavalidwapo ndi munthu. Kuziika pansi ndinaona ngati n'kuzinyoza.

Kunja kunali mphepo ya fumbi, thambo lachikasu, mchenga ukulowa pansi pa chitseko mpaka kumamveka m'mano. Amuna a madamu anali pakati pa nyanja ku ntchito ya gasi, ndipo foni sinkalowa.

Madamu sanandikalipire. Anatsitsa nsapatozo, anagogoda thabwa la tebulo, kenako n'kundisisita mutu. Kukhitchini amayi anandiuza monong'ona kuti kwawo kwa madamu, kumigodi ya malasha, munthu akafera pansi ankabweretsa nsapato zake n'kuziika patebulo. Kuikapo zatsopano n'kuitana maliro.

"Kodi azungunso ali ndi malodza?" ndinafunsa.

"Iwe, ali ndi amuna, ali ndi ana. Alekerenji?"

Basi ndinayamba kuwayang'anitsitsa. Mchere ukatayika ankatapako n'kuponya kuseri kwa phewa lakumanzere. Makwerero a wolima maluwa ankawalambalala. Mvula itagwa kamodzi kokhako, ambulera anakaitsegulira pakhonde, m'nyumba ayi. Koma mphaka wakuda wa mumsewu, yemwe kwathu tikanamugenda, iwo ankamuthirira mkaka, ati ndi mwayi. Mayi woyendetsa galimoto, wowerenga mabuku onenepa, koma analibe nazo manyazi. Ndinkawagomera. Bwana atabwerera, mphuno itapsa ndi dzuwa, ine ndinati zoonadi, thabwa lija lagwira ntchito.

Lero ndimakolopa m'hotela ku Al Dafna, m'dziko lomwe lija, ana anga awiri ali kwa achemwali kumudzi. Sabata yatha ndinawagulira nsapato, n'kuziika patebulo kuti ndizijambule. Foni n'kulira: wamng'ono watentha thupi, sakudya. Ndinawauza achemwali kuti kuchipatala pompano, osati mawa ayi, akwere kabaza, ndipo wamkuluyo agone m'neti ngakhale alire. Sindinadule foni mpaka ndinamva njinga ikunyamuka.

Kenako ndinaziona nsapato zija.

Ndili mwana ndinkayesa madamu ali ndi mankhwala amphamvu a kwawo. Tsopano ndikudziwa kuti analibe kanthu. Munthu wawo anali kutali, manja sakanafikako, ndiye ankagwira chomwe chinali pafupi. Inenso ndinazitsitsa, n'kuzilowetsa pansi pa bedi. Ndinati bismillah, ndipo ndinagogoda thabwa.